Amayi Ako Asadzachoke M'nyumba Muno

Moatize, Lachinayi, dzuwa litapendeka

Benedita mwana wanga,

Ndakhala pakhonde, pa mpando uja umatsina, ndipo ndikukuona m'katimo ukulimbana ndi chikwama chomwe chidadzaza kale dzulo. Udabwa kuti munthu alembera bwanji kalata mwana amene akumuona ndi maso. Chifukwa chake ukuchidziwa. Ine ndikayamba kulankhula ndimayambira ku nkhondo, ndipo ndikamafika pa nkhani yeniyeni iwe maso ali kale pa telefoni, amayi ako azemba kale kuseri. Pepala lokha ndiye limandimvera mpaka kumapeto. Uwerenge lero lomwe lino, osati mawa m'shapa, minibasi yathu ija, wamva?

Mawa ukupita ku Chimoio kukaphunzira unamwino, ndipo anthu akupatsa kale malangizo odzaza thumba: za anyamata, za mapemphero, za kusabwereketsa poto. Ine zimenezo ndazisiya, mutu uli nawo. Yanga ndi imodzi yokha. Ndikadzafa, amayi ako asadzachoke m'nyumba muno. Usayambe zija za "Papa musatero." Sindikudwala, masana ano ndadya bwino. Ndikungofuna ndikuyalire uchitsiru wanga, uone m'mene ndidatsalira pang'ono kumusiya pamsewu munthu amene wandipirira zaka zoposa makumi atatu.

Uchitsiru woyamba udali wa zaka. Iwe udali kamwana koyenda chovula pamene Moatize adapenga ndi malasha. Magalimoto oyera adadzaza msewu, kachipinda kosungira nkhuku kadasanduka nyumba ya alendo, ndipo nkhukuyo pamsika idayamba kudziona ngati mbuzi. Makampani ankalemba anthu, koma mphekesera idali yoti akufuna anyamata, osati ife a imvi. Ine bilyeti, chiphaso chija cha boma, ndidalibe. Mapepala anga adapsa pa nkhondo, ndipo chibwerere kuchokera ku Malawi komwe tidathawira, ndinkangoyenda ndi nkhope. Ndiye pokalembetsa, atandifunsa chaka chobadwa, ndidayang'ana kudenga n'kudula zaka zisanu ndi zinayi ngati ndikudula nzimbe. Tsiku lokaonana ndi mabwana ndidapaka imvi ndi polishi wa nsapato. Dzuwa la kuno ukulidziwa. Mzere usadafike pakati, unyamata wanga udali ukutsikira m'khosi. Mwayi wake ntchito idali ya kumalasha, ndiye palibe adadabwa kuona munthu wakuda kolala. Adandilemba.

Ndidadziona wochenjera kuposa Moatize yense. Ndinkathira mafuta m'makina, tidagula malo ano, ndipo amayi ako adaumba okha njerwa za nyumba ino, madzi akusenza kuchokera kumtsinje, iwe uli kumsana ukuwakoka tsitsi. Koma ntchito idatha, mawondo adayamba kulira ngati chitseko chakale, ndipo ndidavala jekete kupita kukafunsa za reforma, ndalama ya opuma pantchito ija ku Malawi amati penshoni. Mtsikana wa pazenera adayang'ana bilyeti, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso bilyeti.

"Papa, mwafulumira. Inu mukadali mnyamata."

"Mwana wanga, taona manowa."

"Mano kuno sitiyang'ana, Papa. Mudzabwere pakapita zaka zisanu ndi zinayi."

Ndiye lero ndine mlonda wa masana pachipata cha sitolo ya simenti, ndikudikira kuti pepala likalambe. Anzanga obadwa nawo chaka chimodzi amandidutsa mwezi ukatha akuchokera kolandira, amvekere, "Bon diya, mnyamata!" Amayi ako nawo tikasemphana amangoti, "Musandiyankhe, pa boma ine ndine mkulu wanu." Ndikuyesa kuti zikonzedwe, koma kubweza zaka n'kovuta kuposa kuzidula. Dita, pepala usalinamize, lilibe chisoni ndipo siliiwala. Ukadzayamba ntchito udzafunse ngati gawo lako la reforma likupitadi komwe liyenera kupita. Udzafunse ndithu, ngakhale akuone ngati wovuta, paja safunsa adadya phula. Ndipo malipiro oyamba omwewo udzapatuleko kochepa, udzakaike komwe dzanja lako silifika msanga. Ine ndili ndi malipiro a malasha ndinkati ukalamba ndi matenda a anthu ena.

Uchitsiru wachiwiri udali wa mchere. Kuchipatala adandipeza ndi tensawo, kuthamanga kwa magazi, n'kundipatsa mapiritsi oti ndizimwa tsiku ndi tsiku. Ine ndidaona kuti kumwa mankhwala usakumva kupweteka n'kuwononga, ndiye ndinkamwa mutu ukawawa basi. Otsalawo ndinkagawirako mnzanga wa pachipata akadandaula msana. Amayi ako adachepetsa mchere m'ndiwo mpaka nyemba zidayamba kukoma ngati madzi a mvula, ndipo nsomba ya chikowa, yamchere ija, adailetsa kulowa pakhomo pano. Ine n'kuyamba kuyenda ndi mchere wanga m'bokosi la machesi. Akangotembenuka kukatunga madzi akumwa, ine waza! Masana ndinkazembera kwa mayi wina wophika kufupi ndi njanji, kukadya chikowa ngati munthu wopita ku chibwenzi.

Tsiku lina ndikutsegulira lole chipata, dziko lidangotembenuka. Ndidatsitsimuka ndili pabedi kuchipatala, chubu chili pamkono, amayi ako ali chilili, m'manja mwawo muli bokosi la machesi lija, lomwe anamwino adalipeza m'thumba mwanga. Adangondiyang'ana. Bola akadanditukwana, chifukwa kuyang'ana kwawoko kudandiwawa kuposa jakisoni. Iwe ukupita kukaphunzira unamwino, ukakumana ndi nkhalamba zambiri za mtundu wanga. Ikakuuza kuti "ndikumwa bwinobwino, mwanangu," uyiyamikire, kenako uyipise m'thumba. Ndipo ukamatiimbira, za ine uzifunsa amayi ako, za amayi ako uzifunsa ine, chifukwa nawonso diso lamanzere likuwavuta koma amati ndi utsi. Masiku ano timayenda m'mawa uliwonse kukafika kunjanji n'kubwerera, monga adatiuzira kuchipatala. Aneba, poganiza kuti tikusaka chiweto chotayika, mpaka lero amatifunsa ngati mbuzi ija tidaipeza.

Tsopano tchera khutu, Dita, chifukwa nkhani yake ndi iyi, ndipo tidakubisira popeza udali ku Tete ukulemba mayeso. Nditagwa muja, wina wa pashapa adanyamula nkhani kupita nayo kwathu ku Zobue. Idachoka kuno ili "a Mbewe agwa," pakati panjira idasanduka "a Mbewe sakulankhula," pofika pa Zobue ndidali nditamwalira, ena ataona ndi bokosi lomwe.

Tsiku lachitatu adanditulutsa. Amayi ako adali atapita kunyumba m'mawa kukanditengera zovala ndipo sadabwererenso, ndiye ndidakwera njinga yamoto ndekha, ndikung'ung'udza kuti mkazi uyu wayamba kundinyoza. Ndikufika, pakhomo paima kalole. Azakhali ako a Nasitaziya, mlongo wanga wa bere limodzi, ali pamphasa akulira mokweza bwino, makiyi a nyumba atawamangirira pa nsonga ya chitenje. Mwana wawo Zeka, msuweni wako, ali pamwamba pa denga atavala jekete yanga ya kutchalitchi, akuyang'ana m'mene malata adakhomedwera. Usaganize kuti amayi ako sadawauze kuti ndili moyo. Adawauza. Azakhali ako adayankha kuti, "Mlamu, limbani mtima. Matenda amenewa tikuwadziwa, sadzuka munthu. Nanga galimoto ibwerere yopanda kanthu?"

Atandiona ndikutsika panjinga, kulira kwa azakhali ako kudadukira pakati ngati wailesi yotha mabatire. Zeka adagwira denga ndi manja awiri.

"Malume! Mwa... mwabwera?"

"Ndabwera kumaliro. Wamwalira ndani?"

"Ayi, malume, timangoona ngati denga likudontha."

"M'chilimwe chino?"

"Kukonzekeratu, malume."

"Nanga jeketeyo?"

"Kumwamba kuno kukuzizira."

Ndidaseka, mwana wanga, mpaka mwini njinga adaseka nawo. Kuseka kudatha nditazungulira kuseri. Amayi ako adali atakhala pa mtondo, pambali pawo pali kamtolo: zitenje ziwiri, poto mmodzi ndi chithunzi chako cha ubatizo. Zaka zonsezi, nyumba yoti njerwa zake adaumba ndi manja awo, koma katundu wawo n'kukwana m'nsalu imodzi. Ndidawafunsa kuti mukupita kuti. Adandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndimati ndikufunseni inu. Alamu akuti ndizibwerera kwathu. Kwathu n'kuti?"

Komwe adabadwira amayi ako, cha ku Bagamoyo, lero kumayenda makina a malasha. Abale awo adasamutsidwira ku Kateme, nyumba ya kumeneko ili m'dzina la atsibweni ako, ndipo ndi yodzaza kale ndi ana ndi zidzukulu. Ndiye pali chinanso chomwe ine ndinkachidziwa koma sindinkachiganizira. Kwathu ku Zobue, ife Achewa timati za mwamuna n'za ana a mlongo wake, ndipo mkazi akamusudzula amabwerera kwawo. Kwawo kwa amayi ako, kwa Anyungwe, amati mkazi akakwatiwa ndi wa kwa mwamuna, akabwera kwa makolo ndi mlendo. Mwambo uliwonse pawokha umasamala munthu wake, koma amayi ako adagwera pakati pa iwiriyi. Chibadwire sindidachitepo manyazi ngati tsiku limenelo, ndipo mantha adandigwira kuposa a nthawi ya nkhondo. Ndikadangochedwa kutsitsimuka, bwenzi iwe mawa ukunyamukira pakhonde la munthu wina.

Uchitsiru wachitatu ndiwo udabala zonsezi, ndiye azakhali ako usawade, chibale ndi fupa. Zeka sadabwere kudzaba, ndidamupatsa ndine. Pa ukwati wina ku Zobue, ndili ndi malipiro m'thumba ndi kachasu m'mutu, ndidamugwira paphewa pamaso pa anthu n'kulengeza kuti, "Iwe ndiwe mwana wa mlongo wanga, ndikadzafa zonse n'zako!" Anthu adaomba m'manja, ine ndidamva kukoma. Tsiku lomwelo njinga yanga yakapalasa ndidailonjeza kwa anthu atatu osiyana. Kutacha ine ndidaiwala, iwo sadaiwale. Akulu adanena kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo wanga udanditsata pa lole. Usamalonjeze kanthu pa chisangalalo, Dita, makamaka kanthu kamene mudavutikira awiri.

Amayi ako adandiuzapo kangapo kuti tikalembe za nyumbayi. Ine ndinkawakalipira, ati kulemba tesitamento, kalata ija yonena za katundu wa munthu akadzamwalira, n'kuitana imfa. Ngati kuti imfa imakhala pansi kudikira kalata! Pepala la malo ano nalo ndidalibisa kudenga osauza munthu, ati kuopa akuba. Titalitsitsa tidapeza chiswe chadya dzina langa lonse, chasiya chidindo chokha.

Nditapeza mphamvu ndidawatenga amayi ako kupita kwa notaryo, kumene amalembera zoterezi. Mayi wa kumeneko adali wodekha, wa magalasi pamphuno.

"Awa ndi akazi anu, Papa?"

"Ndi omwewa, palibenso ena."

"Umboni wa ukwati muli nawo?"

Ndidamufotokozera kuti tidakwatirana ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo cha ku Mwanza. Ankhoswe adali awiri, wanga ndi wawo, ndipo onse adagona kalekale. Padalibe chithunzi, padalibe cholembera, padali nkhuku imodzi yoonda.

"Ndiye umboni udali nkhuku, mayi, ndipo tidaidya."

Adavula magalasi kuti aseke bwino. Kenako adati, "Papa, lamulo silimutaya mkazi amene mwakhala naye zaka zonsezi. Koma lamulo limabwera wapansi, abale amabwera pagalimoto. Mukalemba zonse bwinobwino, mwalifupikitsira ulendo." Mawu amenewo uwasunge, adzakuthandiza ndi kwako komwe ukadzakwatiwa.

Ndiye ndidalemba, ndipo taona, sindidafe. Nyumba ino ndi ya amayi ako mpaka Mulungu adzawaitane, pambuyo pake ndi yako ndi achimwene ako a Tomasi. Pepala la malo tikulikonzetsa kuti likhale ndi maina awiri. Munda wa mbatata wa ku Zobue ndi wa mbumba ya kwathu, sudali wanga n'kale, Zeka azilima ndi mtima umodzi. Jekete ndidamupatsiratu ndili moyo, chifukwa kunena zoona idamukhala bwino kuposa ine. Ndidapita ndekha ku Zobue kukawauza zonsezi ndili wosamwa, masana, anthu ali pomwepo. Azakhali ako adakwiya sabata ziwiri, kenako adatitumizira kabichi. Mapepalawa ena ali kwa notaryo, ena ali ndi amayi ako, ndipo envelopu yachitatu ndikupatsa iwe mawa pamanja. Usaike pachinyezi, usaike kudenga, usabwereke munthu kuti akulungire mandasi.

Chidatsala n'chimodzi, ukwati wa ku boma. Apa ndiye ndidaona zakuda, chifukwa zidatanthauza kuwafunsiranso amayi ako. Ndidasankha tsiku lomwe adagulitsa bwino tomato.

"Amake Dita, ndimati tikamange ukwati ku rejisito."

"Ndi ndani?"

"Ine ndi inu."

"Mapiritsi mwamwa lero?"

"Ndamwa. Ndikunena zoona."

"Ndiyambe ndaganiza kaye. Amuna a masiku ano ndi onama zaka."

Adaganiza masiku anayi, Dita. Masiku anayi ine ndikutsuka mbale, ndikusesa pabwalo, ndikuyamikira nyemba zopanda mchere. Ukudziwa kuti akafuna kunena zochokera pansi pa mtima amabwerera ku Chinyungwe chawo, zinthu zonse n'kusanduka bzinthu. Tsiku lachinayi adandikhazika pansi n'kundiwerengera bzinthu bzonse bzomwe ndidawalakwira chichokere kumsasa, osadumpha ngakhale chimodzi. Atatha adati avomera, pokhapokha ndiwagulire nsapato zatsopano, chifukwa ukwati woyamba adamanga wopanda nsapato. Pamenepo ndidatuluka panja ngati ndikukaona nkhuku, kuti asaone misozi.

Tsiku lake ndi mawa m'mawa, akangotsegula zitseko. Amayi ako adandiletsa kukuuza msanga, akuti akuchita manyazi, mayi wa imvi kumakatchedwa mkwatibwi. Ukawerenga kalatayi usawaseke kwambiri, pang'ono pokha. N'chifukwa chake ndidakakambirana ndi a shapa kuti ukwere ya masana, osati ya m'mawa ija umadziwa iwe, ndipo ku Chimoio ukafika kusanade kwenikweni. Pakufunika mboni ziwiri. Yoyamba ndiwe, popeza wakula ndipo zaka zako ndi zoona. Yachiwiri ndi Zeka. Eya, Zeka yemweyo. Ndidamuimbira kuti malume akufuna padirinyo woimira ukwati wawo, ndipo adakondwa mpaka adakameta. Afika ndi shapa yoyamba pamodzi ndi azakhali ako. Munthu amene wasaina ndi dzanja lake kuti awa ndi akazi a malume, sangadzaimenso pabwalo n'kumati sakuwadziwa. Uwalandire bwino, uwagwadire azakhali ako monga mwa nthawi zonse, ndipo Zeka akamasaina uyang'anitsitse kuti cholembera chikulembadi.

Mwina ukufunsa kuti bwanji mtolo wonsewu ndikusenzetsa iwe, chitsirizira, pomwe achimwene ako alipo. A Tomasi ali ku Joni, ndipo telefoni yawo imagwira pa Khirisimasi pokha. Amayi ako nawo ndimawadziwa. Ine amandikalipira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma pamaso pa alamu awo sangakweze mawu, adaleredwa choncho. Adzangodzuka mwakachetechete n'kuwasiyira mpando. Iwe ndiye udatengera pakamwa pa ine ndi mutu wa amayi ako, ndipo mwa mwayi sizidasinthane.

Pita ukaphunzire, mwana wanga, usakakhale ndi nkhawa za kuno. Mapiritsi ndikumwa, mchere ndasiya, ndipo ndatsimikiza mtima kuti reforma ija ndidzailandira ndi dzanja langa, ngakhale adzachite kundinyamula pa wilibala. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina telefoni idzalira uli pantchito, wina adzakuuza kuti bambo ako atisiya. Choyamba udzatsimikize kuti ndafadi, chifukwa ine ndili ndi mbiri. Ukadzatsimikiza, usadzathamangire kuchipatala kukandiona. Ine sindidzapita kulikonse, ndidzakudikira. Udzabwere kuno molunjika, envelopu ili m'manja, udzakhale pakhomo pambali pa amayi ako, ndipo usadzasunthe mpaka womaliza atakwera galimoto yake. Kulira udzalira pambuyo, nthawi idzakhalapo.

Ndine bambo ako okukonda,
mkwati wa mawa.